Zipolopolo zotsika mtengo ndi mtovu umene uli m'kati mwake

Ku Sedalia, m'chigawo cha Missouri ku America, kampani ya Sierra imagulitsa pafakitale pomwepo zipolopolo zimene zalephera mayeso, ndipo imachita kuyeza pasikelo. Nayonso Nosler ya m'chigawo cha Oregon imagulitsa zake zachilema pamtengo wotsika. Ogula ndi alenje komanso ochita mpikisano wowombera chandamale, amene amatola zigoba zowombera kale n'kuikamo onga ndi chipolopolo chatsopano kunyumba kwawo. Malamulo a kumeneko amalola zimenezi. Mkangano umene sutha pakati pawo ndi woti kodi zipolopolo zachilemazi zimalunjika monga zinzake kapena ndi kutaya ndalama chabe.

Funso limenelo si lovuta. Zilema zambiri ndi za maonekedwe okha: mkuwa wokutira kunja wathimbirira, pena pakandika, kansonga ka pulasitiki kasiyana mtundu. Chimene chingasocheretse chipolopolo ndi kulemera mbali imodzi. M'kati mwa mpope wa mfuti muli mizere yopotana imene imachizunguza, moti chipolopolo chothamanga mamita 850 pa sekondi, chozungulira kamodzi pa masentimita 25 alionse, chimazungulira pafupifupi ka 200,000 pa mphindi imodzi. Pa liwiro limenelo, mkuwa ukangochindikala pang'ono mbali imodzi, chipolopolo chimayenda ngati gudumu la njinga lopindika, ndipo chimapatuka pang'ono pochoka kukamwa kwa mfuti. Wowombera chandamale cha pamtunda wa mamita 900 angadandaule nazo. Mlenje wowombera gwape pa mamita 100 sangaone kusiyana. 

Chodabwitsa n'choti anthu otha maola akuunika kakukandika pamkuwa salankhula kwenikweni za chimene chili pansi pa mkuwawo. Chipolopolo chodula ndi chotchipa, zambiri mtima wake ndi mtovu.

Mu 2008 Dr. William Cornatzer wa ku Bismarck, North Dakota, yemwenso ndi mlenje, anaunika ndi makina a CT mapaketi pafupifupi 100 a nyama yagwape yogaya imene alenje anapereka kuti ithandize osauka. Mapaketi oposa theka anali ndi tizidutswa ta chitsulo, ndipo kuyeza kunasonyeza kuti munali mtovu. Boma la chigawocho linaimitsa kugawa nyamayo. Chaka chomwecho bungwe la zaumoyo la boma la America la CDC linayeza magazi a anthu oposa 700 a kumeneko, ndipo linapeza kuti odya nyama yakutchire anali ndi mtovu wochulukirapo kuposa osadya. Kusiyanako sikunali kwakukulu, koma a zaumoyo analangizabe amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 6 kuti asamadye nyama yophedwa ndi zipolopolo za mtovu.

Apa ndi pamene pamabwera bodza lotopetsa: akuti ukangodula mozungulira bala n'kutaya, nyama yotsalayo ndi yabwino. Ayi ndithu. Chipolopolo chosakira nyama anachipanga dala kuti chizifutukuka chikagunda, ndipo mtovu ndi wofewa. Chikamenya fupa pa liwiro lija, mbali ina ya mtovu imanyenyeka kukhala tizidutswa mazanamazana, tina tosaoneka ndi maso, tosamveka ngakhale pa dzino. Pa chithunzi cha X-ray, chifuwa cha nyamayo chimaoneka chakuda koma chowazidwa timadontho toyera mbuu kutali ndi njira imene chipolopolo chinadutsa. Ofufuza a boma la Minnesota, poyesa pa mitembo ya nkhosa mu 2008, anapeza tizidutswa pamtunda wa masentimita 45 kuchokera pabala. Kutsuka ndi madzi sikuchotsa, kumangotifalitsa. Nyamayo ikalowa m'chigayo, mtovu wa pamalo amodzi umatha kufika m'mapaketi ambiri. Kuphika nakonso sikuthandiza. Ukathira viniga kapena vinyo, asidi wake amasungunula mtovuwo, thupi n'kuuyamwa mosavuta.

Ena amati agogo awo anadya nyama yotere moyo wawo wonse ndipo anafa ndi ukalamba. Mtovu wochepa sugwetsa munthu pansi, n'chifukwa chake bodzali limakhalitsa. Thupi limausokoneza ndi kashiamu, n'kuusunga m'mafupa kwa zaka makumi. Mayi akaima, mafupa ake amatulutsa kashiamu womangira mwana, ndipo mtovu wakale uja umatuluka nawo limodzi n'kudutsa kupita kwa mwanayo. Mwana amayamwa mtovu wa m'chakudya kwambiri kuposa wamkulu, ndipo umawononga ubongo umene ukukula. Kwa akuluakulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kufoola impso. Bungwe la WHO limanena poyera kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo mu 2021 CDC inatsitsa mlingo wochenjezera pa ana kuchoka pa 5 kufika pa mamaikulogalamu 3.5 pa desilita iliyonse. Anthu a ku Kabwe ku Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma dothi likudwalitsabe ana, safunika kuuzidwa zambiri.

Wodzazanso zipolopolo ali ndi vuto lina lake lapadera, ndipo silichokera m'chipolopolo chokha. Kachipangizo koyatsa onga kamene kamakhala kuthako kwa chigoba nthawi zambiri kamakhala ndi mankhwala a mtovu. Mfuti ikalira, mwaye wake umatsalira m'chigobamo. Munthu akathira zigoba mazana angapo m'makina opukutira n'kumazisefa m'galaja lotseka, fumbi limene limakwera lija ali kulipuma, ndipo lina limalowa m'nyumba pa malaya ndi pa nsapato.

Mbalame ndizo zinayamba kuonetsa vuto la mtovu wa m'zipolopolo zosakira nyama. Miimba ikuluikulu ya ku California yotchedwa condor inatsala 22 yokha mu 1982, ndipo mtovu wa m'matumbo a nyama amene alenje amasiya kutchire wakhala ukuipha kuposa china chilichonse chodziwika. Kuyambira pa 1 Julayi 2019, California inaletsa zipolopolo za mtovu pa kusaka kulikonse. Denmark inachitanso chimodzimodzi pa zipolopolo za mfuti zazikulu mu 2024. Alenje ambiri amadandaula kuti za mkuwa wokhawokha n'zodula, ndipo sakunama, koma kampani ya Barnes yakhala ikuzipanga kuyambira cha m'ma 1980, ndipo zimapha nyama bwinobwino popanda kunyenyeka. Nazonso nthawi zina zimapezeka pa mulu wa zachilema, zotsika mtengo.

Amene amadzazanso zipolopolo kawirikawiri asamadyere pa tebulo limene amagwirirapo ntchitoyo, azisamba m'manja ndi sopo, zigoba azitsuke m'madzi m'malo mozipukuta zouma, ndipo akayezetse magazi, iye ndi ana a pakhomopo.