Kukonza fayilo isanapite kosindikiza kumateteza ndalama za boma

CHIWETA, Rumphi: Munthu amene waima pa Chiweta, pomwe msewu wa M1 umatsikira kunyanja kuchokera m'mapiri a boma la Rumphi, amakhala ali pa mtunda wopitirira makilomita 100 kuchokera mumzinda wa Mzuzu. Kwa mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa zausodzi wogwira ntchito m'derali, chikalata chikakalakwika kosindikiza mumzindawu, kubwerera kukachikonza kumadya tsiku lathunthu, mafuta a galimoto ndi ndalama zomwe sizinali pa ndondomeko.

Masiku ano mapositala, timabuku, masatifiketi ndi malipoti ambiri a m'nthambi za boma amakonzedwa pa kompyuta ndi ogwira ntchito eni ake, kapena ndi ophunzira a m'makoleji omwe abwera kudzazolowera ntchito. Vuto lomwe ambiri amakumana nalo ndi lakuti zimene zimaoneka bwino pa kompyuta si nthawi zonse zimatuluka chimodzimodzi pa pepala. Zithunzi zimatuluka zosaoneka bwino, mitundu imazilala, mawu a m'mphepete amadulidwa ndipo zilembo zina zimasowa.

Ichi n'chifukwa chake wophunzira akalowa m'chipinda chosindikizira cha pa koleji, phunziro loyamba limakhala la kakonzedwe ka fayilo asanayandikire makina. Phunziro lomweli likufunikanso kwa mkulu aliyense wa m'boma amene amavomereza kuti chikalata chisindikizidwe, popeza iyeyo ndiye amayankha ndalama zikaonongeka.

Luso lakale m'dera lino

Ntchito yosindikiza si yachilendo m'boma la Rumphi. Pamwamba pa phiri, kwa munthu wokwera msewu wa Golodi kuchokera pa Chitimba, kumpoto kwa Chiweta, pali Khondowe, komwe Dr. Robert Laws anakhazikitsa likulu la mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894, mishoniyi itayamba yakhala ku Cape Maclear kuyambira 1875 ndi ku Bandawe kuyambira 1881. Pa sukulu ya Overtoun yomwe inatsegulidwa kumeneko, achinyamata ankaphunzira ukalipentala, zomangamanga, kutumiza mauthenga pa lamya komanso kusindikiza mabuku.

Wosindikiza wa nthawi imeneyo ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kumazindanda chagada mpaka tsamba lonse litakwana. Asanasindikize masamba ambiri, ankadinda tsamba limodzi lokha n'kulipereka kuti liwerengedwe, chifukwa pepala ndi inki zinkachokera kutali ndipo sizinali zoseweretsa. Pamalo pomwepo pali tsopano sukulu ya ukachenjede ya Livingstonia, yomwe sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula m'chaka cha 2003. Zipangizo zinasintha, koma mwambo wowerenga tsamba limodzi usanasindikize ambiri udakali wofunika monga kale.

Kukula kwa pepala ndi m'mphepete

Chinthu choyamba kusankha, munthu asanalembe liwu ngakhale limodzi, ndi kukula kwa pepala. Pepala la A4, lomwe limagwiritsidwa ntchito m'maofesi, ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. La A3 ndi lalikulu kawiri, mamilimita 297 ndi 420, pomwe la A5 ndi theka la A4, mamilimita 148 ndi 210. Makompyuta ena amabwera atatcheredwa pa pepala la ku America lotchedwa Letter, lomwe ndi lalifupi koma lotambalala pang'ono kuposa A4, kotero kuti chikalata chokonzedwa pa muyeso umenewo chimasuntha chikafika pa makina a kuno.

Ngati mtundu kapena chithunzi chikuyenera kufika kumapeto kwenikweni kwa pepala, wokonza ayenera kuchipitiriza ndi mamilimita atatu kunja kwa muyeso wa tsamba mbali zonse zinayi. Osindikiza amachitcha bleed chidutswa chapaderachi. Chifukwa chake n'chakuti mpeni wodulira mapepala sugwera pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndiye popanda chidutswachi m'mphepete mumatsala kamzere koyera. Mawu, manambala a foni ndi zizindikiro ziyenera kukhala mkati, mamilimita osachepera asanu kuchokera m'mphepete, kuti mpeni usazilume.

Kabuku kopinda pakati n'kumanga ndi mawaya kayenera kukhala ndi masamba ogawika ndi 4, monga 8, 12 kapena 16, chifukwa pepala lililonse likapindidwa limapereka masamba anayi. Wobweretsa masamba 14 adzalipira masamba 16, awiri mwa iwo opanda kanthu.

Zithunzi

Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Kuti chioneke bwino pa pepala lowerengera m'manja, pamafunika timadontho 300 pa inchi iliyonse, muyeso womwe umalembedwa kuti 300 dpi. Izi zikutanthauza kuti chithunzi chodzaza tsamba lonse la A4 chiyenera kukhala ndi mapikiselo 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali. Chithunzi cha mapikiselo 1,000 m'lifupi chimakwana masentimita asanu ndi atatu ndi theka okha. Chikakokedwa kuti chidzaze positala, nkhope za anthu zimasanduka timabokosi.

Apa ndi pomwe ogwira ntchito ambiri a kumadera amagwera. Chithunzi chojambulidwa bwino pa foni chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse chimachepetsedwa kuti chiyende msanga, ndipo timadontho totayikato sitibwereranso. Njira yabwino ndi kuchitumiza ngati fayilo, kapena kuchikopera pa kompyuta ndi chingwe. Nsalu zikuluzikulu zopachika pa misonkhano zimalola timadontho tocheperapo chifukwa anthu amaziona ali patali, koma ndi bwino kufunsa wosindikiza muyeso womwe makina ake amafuna.

Chizindikiro cha boma ndi mbendera zimafuna chisamaliro chapadera, popeza ndi zotetezedwa ndi lamulo la dziko lino. Si bwino kuzikopera pa intaneti n'kuzikoka mbali imodzi mpaka mkango ndi kambuku za pa chizindikirocho zitaphwatalala. Ofesi iliyonse iyenera kusunga fayilo yoyera ya chizindikirochi, makamaka ya mtundu wa vector, womwe umajambula ndi mizere m'malo mwa timadontho ndipo suonongeka ngakhale ukulitsidwe chotani.

Mitundu

Galasi la kompyuta limapanga mitundu ndi kuwala, posakaniza kufiira, kubiriwira ndi buluu, njira yomwe imatchedwa RGB. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi: ya buluu wotuwa, yofiirira ngati duwa, yachikasu ndi yakuda, zomwe pamodzi zimatchedwa CMYK. Inki singathe kutulutsa mitundu yonse yomwe kuwala kumatulutsa, choncho kubiriwira kowala ndi buluu wonyezimira wa pa kompyuta zimatuluka zozilala pa pepala.

Wokonza ayenera kufunsa wosindikiza ngati akufuna fayilo ya CMYK, ndipo ngati ndi choncho aisinthe yekha kuti aone kusinthako ntchito isanachoke m'manja mwake. Mawu ang'onoang'ono akuda alembedwe ndi inki yakuda yokha. Akalembedwa ndi inki zonse zinayi, makina akangophonya pang'ono zilembo zimatuluka ndi mthunzi wofiira kapena wa buluu ndipo zimavuta kuwerenga.

Zilembo za zinenero zathu

Mfundo iyi ndi yofunika kwambiri m'chigawo cha kumpoto, komwe mauthenga ambiri a boma amalembedwa m'Chitumbuka. Chinenerochi chimagwiritsa ntchito kwambiri chilembo cha ŵ, monga m'mawu akuti ŵanthu ndi ŵana. Si mitundu yonse ya zilembo za pa kompyuta yomwe ili ndi chilembochi. Fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta ina yomwe ilibe mtundu wa zilembo womwe wolemba anasankha, kompyutayo imaika mtundu wina m'malo mwake, ndipo pamalo pa ŵ pakhoza kutuluka kabokosi kapena mpata. Mizere imasunthanso, kotero kuti tsamba limodzi limatha kusefukira pa lachiwiri.

Mapulogalamu olembera ambiri amabwera atatcheredwa pa Chingerezi. Akasiyidwa choncho, amatha kusintha okha mawu a Chichewa kapena Chitumbuka poganiza kuti alakwika, komanso kudula mawu kumapeto kwa mzere pamalo posayenera. Wolemba azimitse zonsezi asanayambe ntchito.

Njira yodalirika yotetezera zilembo ndi kusunga chikalata ngati PDF, mtundu wa fayilo womwe kampani ya Adobe inatulutsa m'chaka cha 1993. PDF yosungidwa bwino imanyamula zilembo ndi zithunzi mkati mwake, ndiye imaoneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse. Posunga, asankhe muyeso wosindikizira osati wotumizira pa intaneti, chifukwa wachiwiriwu umachepetsa zithunzi. Akatero atsegulenso PDF ija n'kuiwerenga tsamba ndi tsamba. Fayilo ipatsidwe dzina lomveka, lokhala ndi ofesi, mutu ndi tsiku, pofuna kupewa kusindikiza yakale m'malo mwa yokonzedwa.

Pa makina

M'chipinda chosindikizira, fulashi iliyonse iyenera kuyamba yapimidwa ngati ilibe mavairasi, popeza kompyuta imodzi imatumikira anthu ambiri. Polamula makina, wosindikiza asankhe muyeso weniweni wa 100 peresenti, chifukwa makina akauzidwa kuti akwanitse tsamba pa pepala amachepetsa zonse, ndipo fomu yokhala ndi mabokosi oyezedwa imasokonekera.

Kulemera kwa pepala kumayezedwa m'magalamu pa sikweya mita. Pepala la mu ofesi ndi la magalamu 80, mapositala amafuna lolemerapo monga la 130 mpaka 170, pomwe masatifiketi ndi zikuto za mabuku zimafuna la 250 kapena kuposerapo. Makina ayenera kuuzidwa mtundu wa pepala lomwe laikidwa, apo ayi inki yaufa siigwira bwino. M'madera a m'mphepete mwa nyanja monga Chiweta ndi Mlowe, chinyezi chimapinda mapepala n'kuwachititsa kukodwa m'makina, choncho mtokoma wa mapepala 500 usatsegulidwe mpaka tsiku logwiritsa ntchito, ndipo usaikidwe pansi pa simenti.

Ndi bwinonso kudziwa komwe chikalatacho chikakhale. Inki yamadzi ya makina ang'onoang'ono ambiri imasungunuka ndi mvula, pomwe inki yaufa ya makina a laser imapirira. Positala yokakhomedwa padoko la asodzi kapena pa mjigo iyenera kusindikizidwa ndi inki yopirira kapena kukutidwa ndi pulasitiki.

Chiwerengero nacho chimasankha makina. Makope ochepa amatsika mtengo pa makina olumikizidwa ku kompyuta. Makope zikwizikwi amatsika mtengo pa makina akuluakulu a offset, omwe amayamba ajambula tsamba pa malata opyapyala, limodzi pa inki iliyonse. Malatawa akapangidwa, kusintha chilembo chimodzi kumafuna kupanga ena atsopano, ndipo wolipira ndi mwini ntchito.

Tsamba loyamba liwerengedwe

Pa zonsezi, chachikulu ndi kusindikiza kope limodzi lokha n'kuliwerenga modekha, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woliwerenga akhale munthu wina osati wolemba, chifukwa diso la wolemba limaona zimene ankafuna kulemba. Ngati uthengawo uli m'Chitumbuka, auwerenge mwini chinenerocho. Mayina, maudindo, masiku, manambala a foni ndi miyeso ziyerekezedwe ndi chikalata choyambirira chimodzichimodzi.

Mliri wa kolera womwe unavuta m'dziko muno m'zaka za 2022 ndi 2023, ndipo unakhudza kwambiri madera a m'mphepete mwa nyanja, unaonetsa kufunika kwa uthenga wolembedwa molondola. Pa positala yophunzitsa kuthira mankhwala m'madzi akumwa, nambala imodzi yolakwika kapena mzere umodzi wodulidwa ndi mpeni ukhoza kusocheretsa mudzi wonse, ndipo mapepala akagawidwa m'midzi n'kovuta kuwatoleranso.

Mkulu wovomereza asaine pa kope loyambalo ndi kulembapo tsiku, ndipo kope lina lisungidwe mu ofesi. Limeneli ndilo umboni ngati katundu wobwera kuchokera kosindikiza wasiyana ndi zomwe anagwirizana, komanso limathandiza akabwera owerengera ndalama za boma.

Ntchito ikatha, fayilo ichotsedwe pa kompyuta ya m'chipinda chosindikizira, makamaka ngati muli mayeso a ophunzira, mayina a odwala kapena malipiro a anthu, ndipo makope olakwika a zikalata zotere aonongedwe osati kutayidwa m'bini momwe angakathere pa msika ngati zokulungira mandasi. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu lomwe linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2024, ndipo limakhudzanso maofesi a boma ndi sukulu.

Mkulu wa ofesi amene akutuma wogwira ntchito kuchoka pa Chiweta kupita kosindikiza ayenera kutsimikiza kuti wanyamula PDF yowerengedwa kale, fayilo yoyambirira yoti n'kukonzedwa, zithunzi zosachepetsedwa, komanso kalata yonena kukula kwa pepala, kulemera kwake ndi chiwerengero cha makope ofunika.