Cipangizo ca GPS Cikabvuta Pamadzi a Kafue

Inu omvera a ku Kafue, ndi inu a ku migodi amene muli ndi abale asodzi, nkhani yathu lero iri ya kacipangizo ka m'manja kochedwa GPS, kamene kamasonyeza njira pamadzi. Kumtunda kwa tauni ya Kafue kuli cidambo cacikuru, pakati pa damu la Itezhi-Tezhi ndi la Kafue Gorge. Madzi akasefukira, mtsinje ndi dambo zifanana, ndipo pa miyezi ya June ndi July nkhungu ya m'mamawa ibisa gombe. Wosokera kumeneko angathe mafuta, nsomba zace ndi kuola.

Kacipangizoka kamamva mau ocokera ku masetilaiti a boma la America, amene ali pamtunda wa makilomita 20,200, nazungulira dziko kawiri pa tsiku. Kuti kadziwe pamene muli, kayenera kumva anai kapena oposa.

Bvuto loyamba ndi mabatire. Kakazima kokha, kapena zolemba zikacita cizimezime, ikanimo atsopano, mupukutenso tizitsulo tokhudza batire ngati tacita dzimbiri. Ena apadera muwasunge m'botolo lotseka bwino. Kakagwa m'madzi nalowamo, musakayatse. Cotsani mabatire, kaume pamthunzi masiku angapo.

Laciwiri ndi kusapeza malo. Mau a masetilaiti ali ofoka, sapyola malata kapena madzi. Cotero musakaike pansi pa maukonde onyowa kapena m'cigoba ca bwato lacitsulo. Kagwireni poyera. Ngati kakhala miyezi kosayatsidwa, kapatseni mphindi 15 kapena 20 kuti kaphunzirenso pamene masetilaiti ali. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Lacitatu ndi mubvi umene ungozungulira. Tizipangizo tambiri tiribe kampasi m'kati. Timadziwa kumene mukulowera pokhapo bwato likuyenda. Palasani pang'ono molunjika, mubvi udzakhazikika.

Lacinai ndi kusiyana ndi mapu. Mapu akale a dziko lino anajambulidwa pa muyeso wochedwa Arc 1950, koma GPS imagwiritsa nchito WGS 84. Mukatenga manambala pa mapu otere osasintha muyeso m'kacipangizo, mudzaphonya ndi mamita mazana angapo, ndipo m'bango kuphonya kotere nkokwanira kubisa khwawa lonse. Mnzanu akakuuzani manambala a dooko lace, funsani muyeso wace ndi kalembedwe kace.

Tina takale tinasokoneza tsiku pa 6 April 2019, pamene ciwerengero ca masabata ca GPS cinabwerera poyambira. Kawirikawiri malo timasonyezabe bwino, koma tsiku lace musalikhulupirire.

Potsiriza, kumbukani kuti mubvi umaloza molunjika, pamene Kafue ayenda mokhotakhota. Sudziwa za mvuu, mcenga, kapena udzu woyandama umene utseka njira lero ndi kuitsegula mawa. Cifukwa cace lembani malo a dooko musananyamuke, lembaninso pokhota ponse, ndipo pobwerera tsatani mzere umene kacipangizo kanajambula popita. Manambala ofunika muwalembenso m'kabuku, ndipo apabanja adziwe kumene mwapita ndi tsiku lobwera. Kakazimiratu, dzuwa ndi kumene madzi alowera zidzakuthandizani, pakuti otsata madzi oyenda a mtsinje weniweni afika pa mlatho wa njanji wa ku Kafue.