Mlandu wa ukapolo suola

Mlaliki wina m'chapa yochokera ku Zóbuè kupita ku Moatize anandiwawitsa mutu. Iye amati mipingo yomwe ikupepesa chifukwa cha ukapolo ikungochita ndale, poti Ezekieli 18 imakana zoti mwana asenze tchimo la bambo ake. Ine ntchito yanga ndi kuphunzitsa akatekisiti mbiri ya mpingo, ndipo ndatopa kumva mutu umenewu ukupotozedwa.

Ezekieli akukamba za chilango, kuti Mulungu sangakulange pa zimene anachita agogo ako. Sakuti uzikwirire. Tsegulani Nehemiya 9: anthu obadwa Yerusalemu atagwa kale aimirira ndi ziguduli, akuulula machimo awo pamodzi ndi a makolo awo. Levitiko 26:40 imayembekezera zomwezo. Ngakhale kumudzi, malume akamwalira ndi ngongole ya mbuzi, mbumba sinena kuti sitinadye nawo. Walowa dzina walowanso mlandu.

Mpingo nawo ndi mbumba, ndipo ngongole yake ili pompano. Mu 1452 Papa Nicholas V, m'kalata yotchedwa Dum Diversas, analoleza mfumu ya Portugal kusandutsa akapolo anthu osakhala Akhristu. M'mbali mwa Zambezi, cha ku Tete ndi ku Sena, Ajezuiti ndi Adominikani anali ndi maprazo, ndiye kuti malo aakulu obwerekedwa kwa mfumuyo, ndipo akapolo anali nawo. Ajezuitiwo anachita kupirikitsidwa mu 1759. Pamaprazo pomwepa ndi pamene panachokera Achikunda, akapolo onyamula mfuti.

Tsono pamene Papa John Paul II anapempha chikhululukiro pachilumba cha Gorée ku Senegal mu 1992, kapena Anglikani ya ku England mu 2006, sikunali kukometsera ayi. Ajezuiti a ku America anapepesa mu 2017 chifukwa cha anthu 272 omwe anagulitsidwa mu 1838 kuti sukulu ya Georgetown ibweze ngongole. Ine pepani wapakamwa pokha sandikhutiritsa. Zakeyu analonjeza kubweza kanayi. Ndipo ndikadakonda dzina la Zambezi lizimveka monga limvekera la Gorée.

Inu a miphakati ya ku Chipanga, werengani Ezekieli ndi Nehemiya tsiku limodzi, makamaka m'nyengo ya Lenti. Koma mosamala, chifukwa mafumu athu enanso ankagulitsa anthu, ndipo mabanja ena mpaka lero amanong'onedwa kuti ndi a kapolo. Musalole kuti mayina a mabanja atchulidwe pagulu, ndipo yambani mwakambirana ndi abambo mfumu.