Kodi mumadziwa kuti mabuku a m'sewero adasanduka mabuku enieni?

Mabuku asanu a nthano za ana amene amaoneka m'sewero lachikondi la pa wailesi yakanema la ku South Korea, lotchedwa It's Okay to Not Be Okay, adasindikizidwa ndithu mu 2020, nagulidwa kwambiri m'dziko lomwelo.

Jo Yong, mlembi wa seweroli, ndiye adalembanso nthanozo, ndipo Jamsan adajambula zithunzi zake. M'zigawo 16 za seweroli, mkazi wolemba mabuku a ana, amene adakula ndi mabala a mumtima, akondana ndi mnyamata wosamalira odwala pa chipatala cha matenda a maganizo, yemwenso amalera yekha mkulu wake wobadwa ndi autism.

Nthanozo, ngakhale zidavala chofunda cha ana, zimanena za mantha, za kusowa chikondi cha kholo, ndi za zowawa zakale zimene munthu sangachire nazo pozibisa.

Akale adati wamisala adaona nkhondo. Chotero, inu owerenga, wovutika maganizo musamnyoze, koma mumtchere khutu.