Galu wokodza wa ku Ole Miss

Mu mpira wa ku America, palibe okonda matama kuposa anyamata owakha mpira, ma wide receiver. Mu 2019, Elijah Moore wa timu ya yunivesite ya Ole Miss atagoletsa kutatsala masekondi ochepa, anakwawa n'kukweza mwendo ngati galu wokodza. Oimbira anabweza timu yake mayadi 15, womenya mpira wofananitsira zigoli anaphonya, adani awo a Mississippi State n'kupambana 21-20. Kwa ine, analakwira anzake amene anakhetsa thukuta masewero onse. Komabe mu 2021 timu ya New York Jets ya mu ligi ya NFL inamutenga, ndipo sindidabwa: matimu a NFL amagula liwiro ndi manja omata. Ligiyo inamasula zovinavina zokondwerera chigoli mu 2017, koma kunyoza mdani pamaso imalangabe ndi mayadi 15 omwewo.