Mchenga wa ku Cancún ndi dooko la ku Chembe

Mlendo akafika pa hotela yapamwamba ku Cancún, kunsonga kwa Yucatán, mtunda wa dziko la Mexico wolowerera m'nyanja ya Caribbean, amamumanga kachibangili kapulasitiki pamkono. Kachibangiliko n'chizindikiro choti walipiriratu zonse: chipinda, chakudya, zakumwa, dziwe losambiramo ndi mpando wa pamchenga. Akhoza kutha sabata yathunthu osaponda kunja kwa geti. Koma chimene walipira kwambiri ndi mchenga wopanda anthu ena kupatula alendo anzake ndi womubweretsera chakumwa, mchenga umene antchito amaupalasa mbandakucha pochotsa ndere zam'nyanja zomwe zakhala zikukocheza kumeneko mwaunyinji kuyambira 2015. Amene amalota zoti gombe la Nyanja ya Malawi lidzafanane ndi limeneli ayambe afunsa mmene mchengawo unakhalira wopanda anthu.

Cancún sunali mudzi umene unakula pang'onopang'ono. Boma la Mexico, kudzera ku banki yake yaikulu, linachita kusankha malowo, ndipo ntchito yomanga inayamba mu 1970 pa kamtunda kopyapyala kamchenga komwe kunkakhala anthu owerengeka chabe. Mahotela oyamba anatsegulidwa mu 1974. Antchito anawamangira tauni yawoyawo kumtunda, imene lero ili ndi anthu oposa 800,000, ndipo amakwera basi m'mawa uliwonse kutsata msewu wa Kukulcán kupita kumene kuli alendo. Kulekanitsa mlendo ndi mwini dziko kunali m'mapulani kuyambira pachiyambi, ndipo kunatheka chifukwa panalibe mudzi waukulu woti usamutsidwe.

Ku Cape Maclear, kunsonga kwa mtunda wa Nankumba m'boma la Mangochi, zinthu n'zosiyana. Mudzi wa Chembe unalipo kale paki ya Lake Malawi National Park isanakhazikitsidwe mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO litaika pakiyo pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, mudziwo unakhalabe pomwepo. Gombe la kumeneko ndi dooko. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandanda panyanja. Kukamacha mabwato amakocheza, alovi n'kumayala chilimira pamchenga kuti asoke pong'ambika, ogula atazungulira ndi mabeseni. Usipa umapita pamatandala, amayi amatsika ndi mapoto ndi zovala, ana amasamba asanapite kusukulu. Maloji ali pakati pa zonsezi, mpanda kugundana ndi nyumba za anthu. Kuti mchenga woterewu ukhale ngati wa ku Cancún, pafunika kuchotsapo bafa, msika ndi malo antchito a mudzi wonse nthawi imodzi.

Alipo amene amati dziko losowa ndalama zakunja ngati lathu silingasankhe, ndipo hotela imodzi yaikulu imalemba anthu ambiri kuposa timaloji khumi. Za ntchitozo akunena zoona, ndipo n'zoonanso kuti ambiri mwa alendo a ku Chembe ndi achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana, amene amawerengetsera kwacha iliyonse. Komabe tiyang'ane kumene ndalama imatsikira. Wakachibangili sadyera kunja chifukwa analipira kale, nthawi zambiri asananyamuke kwawo, ku kampani imene mwina likulu lake lili ku Spain kapena ku America. Wa ku Chembe amalipira mwini boti womuperekeza ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba, amagula kwa wosema ziboliboli, amasoketsa malaya a chitenje kwa telala. Ndalama yake ndi yochepa koma imadutsa m'manja ambiri. Ofuna bata lenileni ali nako kopita: pa chilumba cha Mumbo palibe mudzi, ndipo alendo amagona kumeneko popanda msodzi amene walandidwa pokocheza.

Enanso amadandaula za zinyalala, likodzo ndi anyamata otsatira alendo paliponse ndi malonda. Madandaulowa ndi enieni, koma mpanda suwathetsa. Tizilombo ta likodzo timachokera m'nkhono n'kuyandama m'madzi omwewo amene amafika kutsogolo kwa hotela, choncho zimbudzi, mipopi ndi mankhwala m'mudzi zimateteza mlendo kuposa mlonda wa pageti.

Pali mfundo ina yomveka bwino, yoti lamulo likhoza kulola mahotela aakulu n'kutetezabe anthu. Mexico ali nalo lamulo lotero: mamita 20 a m'mphepete mwa nyanja ndi a boma, ndipo palibe gombe la munthu payekha. Koma mahotela akandandana mpanda ndi mpanda kwa makilomita ambiri, mchenga wa aliyensewo umasowa polowera, ndipo alonda akhala akubweza eni dziko. Zinafika poti mu 2020 dzikolo linakhwimitsa lamulo n'kuika chindapusa kwa otsekereza anthu kugombe, patapita zaka pafupifupi 50 chiyambire kumanga Cancún. Kwathu kuno, kumene malo a kunyanja amachoka m'manja mwa mafumu n'kusanduka a lizi, njira yotsikira kudooko ndi pokokera mabwato ziyenera kulembedwa m'pangano lomwelo njerwa yoyamba isanaikidwe. Kungokopera mamita 20 a ku Mexico sikungakwanire, chifukwa nyanja yathu imasuntha malire. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'zipinda za maloji ena ku Mangochi ndi kumiza mchenga wa kutsogolo kwake. Chaka chotero, ngati njira ya anthu ili m'mbali mwa madzi mokha, imamira yoyamba, ndipo mayi wonyamula beseni la usipa amatsala pakati pa nyanja ndi khoma.