Nawo osaona akhudzeko mbiri yathu

Atsibweni anga a kwa Njewa anasiya kuona ali mnyamata, koma pa nsalu simungawapusitse. Pamsika wa Mpingu amangotikita chitenje ndi zala, n'kunena: "Iyi ndi thonje, iyi ndi nailoni, ikachapidwa kawiri yatha." Amalonda mukudziwa nokha kuti wogula wochenjera amayamba wagwira.

Tsiku lina ndinawaperekeza kunyumba ina yosungirako zinthu zakale. Tinaima pa bokosi lagalasi momwe munali nyanda, nsalu ya makungwa ija ankavala makolo athu. Iwo anatambasula dzanja, n'kugunda galasi lozizira. "Kodi mphwanga, nyandayo ili kuti?" Ndinasowa choyankha. Basi tinabwerako atangomva mawu anga okha.

Osunga zakale ali ndi mfundo, tisawanyoze. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimadya ulusi, ndipo nsalu yakale ikang'ambika sungaigulenso kwina. Koma kodi kuteteza nsalu kukutanthauza kutsekera kunja Amalawi anzathu?

Anzathu akunja anaipeza njira. Ku Madrid, m'dziko la Spain, bungwe la anthu osaona la ONCE linatsegula Museo Tiflológico m'chaka cha 1992, kumene zinthu anaziika dala kuti zizigwiridwa. Ku Ancona, ku Italy, Museo Omero inayamba mu 1993 ndi cholinga chomwecho.

Ife sitikusowa ndalama zambirimbiri. Nyanda amaipanga posenda khungwa la mombo n'kulisula mpaka lifewe, ndipo kumidzi akadalipo akuluakulu odziwa lusoli. Apange ina yatsopano, iikidwe pambali pa yakaleyo. Nsalu yoomba pamanja, yonga ija David Livingstone anaiona kwa Amang'anja a ku Shire mu 1859, angaitsanzire amisiri a ku Bangwe Weaving Factory ku Blantyre, amene ambiri ndi anthu olumala. Pambali pake pakhale mawu m'zilembo za Braille, m'Chichewa, ndi beseni la madzi osamba m'manja. Yakale ikhale m'galasi, yatsopano ikhale ya zala.

Tili ndi Museum of Malawi ku Chichiri, Kungoni ku Mua, ndi ina ku Karonga yomwe inatsegulidwa mu 2004. Tilinso ndi ana a pasukulu ya osaona ya Malingunde konkuno ku Lilongwe. Afunsidwe iwowo chimene zala zawo zikufuna, osati kuwaganizira tili m'maofesi. Lamulo la anthu olumala la 2012 ndi lomwe linalowa m'malo mwake mu 2024 asangothera papepala.

Inu ogulitsa zitenje m'tauni, tizidutswa totsala tija mungapereke. Inu ophunzira, mungathandize kulemba mbiri ya nsalu iliyonse. Atsibweni anga akukalamba, ndipo amandifunsabe kuti tidzapitanso liti. Ine ndikufuna tsikulo adzagwire nyanda okha, andiuze ineyo mmene ilili.